Nsalu, Kamtengo ndi Ulendo Wautali: Mbiri ya Kuletsa Mwazi ndi Kumanga Chiuno ku Milange

Dziko la Milange, limene lagona m'tsinde mwa phiri la Tumbine moyang'anizana ndi phiri la Mulanje, lidatsalira m'manja mwa Apwitikizi ndi pangano la pa 11 Juni 1891, pamene akuluakulu a ku London ndi a ku Lisbon, anthu amene sadamwepo madzi a Ruo ngakhale kamodzi, adamvana kuti mtsinje umenewu ukhale mbali ya malire a maiko awo. Ndipo kuyambira pamenepo anthu olankhula chinenero chimodzi, okwatirana, olirana maliro ndi kugulana chimanga pamsika umodzi, adasanduka nzika za maboma awiri. Zambiri zidatuluka m'pangano limenelo, koma chimodzi chimene olemba mbiri sakonda kuchitchula ndi ichi: munthu wa ku Milange akavulala kolapitsa, kotero kuti chipatala cha pa boma lakwawo chamulephera, njira imene dziko lake lidamuikira ndi yopita ku Quelimane, ulendo wa makilomita opitirira 300, pamene Blantyre, kumene kuli chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, ali pamtunda wa makilomita ngati 100 okha kuchokera pachipata cha Muloza. Anthu a kuno akhala nthawi zonse kutali ndi mpeni wa dokotala, ndipo funso lawo lakhala limodzimodzi m'mibadwo yonse: kodi wovulalayu timusunge bwanji ndi moyo kufikira atafika?

Malembo amatiphunzitsa kuti moyo wa cholengedwa ndi mwazi wake sizilekana, ndipo madokotala, atayeza ndi miyeso yawo, sadapeze chotsutsa. Munthu wamkulu amayenda ndi mwazi wa malita ngati 5. Akataya malita 2 mofulumira, khungu lake limazizira, milomo imatuwa, ludzu limamugwira, nzeru zimayamba kubalalika, ndipo imfa imakhala itaima pakhomo. Mtsempha waukulu wa pantchafu ukaduka, zonsezi zitha kuchitika m'mphindi zowerengeka, wothamangira kukaitana galimoto asanafike n'kumsewu komwe. Madzi akatayika saoleka, adatero akale, nanga mwazi wotayikira m'munda wa chimanga adzauola ndani?

Makolo athu, Amang'anja ndi Alomwe amene adalima m'zigwa izi, sadali mbuli pa nkhani imeneyi. Mlenje wong'ambidwa ndi nguluwe, mlimi wodzitema ndi nkhwangwa, mnyamata wogwa mumtengo pofula njuchi, onsewa adapeza womanga mabala awo: pachilonda padafinyiridwa madzi a masamba, padakulungidwa chidutswa cha chiwondo ndi kumangidwa ndi luzi, ndipo fupa lothyoka lidagonekedwa pakati pa timabango kapena tinsungwi tolukanizidwa bwino, kuti lisagwedezeke mpaka litalumikizana. Pa zinthu ziwiri izi, kupanikiza bala ndi kukhazika fupa chete, akale adalondola, ndipo sukulu za udokotala za lero sizidaonjezepo kanthu kakakulu. Koma sitichita bwino kuwalemekeza ndi bodza. Dothi, phulusa ndi ndowe zimene ena adathira pabala zidaitana kafumbata. Ndipo chizolowezi chomanga kachingwe kowonda pamwamba pa bala lililonse, makamaka munthu akalumidwa ndi njoka, chidaononga miyendo yambiri ndipo chikuonongabe. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mitsempha yobweza mwazi kumtima ndi yofewa ndipo ina ili pafupi ndi khungu, pamene yochokera kumtima ndi yolimba ndipo yabisala m'kati mwa minofu. Tsono kachingwe komangidwa mwatheka kamatseka njira yobwerera n'kusiya njira yobwera ili pululu, ndipo bala, m'malo moleka, limakha mwazi koposa kale.

Azungu nawonso adapunthwa pa mwala womwewu kwa zaka mazanamazana. Mbiri yawo imati mu 1674, pa nkhondo ya ku Besançon m'dziko la France, sing'anga wa asilikali dzina lake Morel adazinga nsalu pantchafu ya wovulala, napisa kamtengo pansi pa mfundo, napotokola mpaka mwazi udaleka. Ndipo chida chimenechi, chimene madokotala amachitcha tourniquet, sichidasinthe mtima wake kufikira lero, pakuti ndi lamba ndi chopotera basi. Mu 1718 Jean-Louis Petit wa ku Paris adaika sikuluwu m'malo mwa kamtengo, ndipo mu 1873 Friedrich von Esmarch wa ku Germany adabweretsa bandeji ya mphira yofinyira mwazi kuchoka m'mwendo asanaupange opaleshoni. Komabe kukhala ndi chida si kudziwa kuchigwira. Mu Epulo 1862, pa nkhondo ya ku Shiloh m'dziko la America, kazembe wamkulu Albert Sidney Johnston adalasidwa kuseri kwa bondo, mwazi nudzaza m'jombo yake osaonedwa ndi munthu, ndipo adatsirizika pakati pa akapitawo ake, lamba woletsera mwazi ali m'thumba mwake momwemo, popeza dokotala wake adali atamutuma kukasamala ovulala ena.

Nkhondo ya Azungu idafika m'Zambezia muno pamene kazembe wa asilikali a ku Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, ataoloka Rovuma mu Novembala 1917, adatsika ndi asilikali ake mpaka ku Namacurra, kufupi ndi Quelimane, kumene adamenya nkhondo mu Julaye 1918, nabwereranso kumpoto nakakomana ndi asilikali a King's African Rifles ku Lioma, chakufupi ndi Gurué, kumapeto kwa Ogasiti. Ambiri mwa asilikali amenewo adali ana a ku Nyasaland, ndipo pambuyo pawo padali khamu la amtengatenga, amene adasenza zipolopolo popita ndi kusenza ovulala pamachila pobwera, masiku ndi masiku m'tchire lopanda msewu. M'zaka zomwezo, kumabwalo a nkhondo a ku France, madokotala adaphunzira zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba, chitsulo chowongolera mwendo chimene adapanga dokotala Hugh Owen Thomas, ndipo mphwake Robert Jones adachifalitsa pakati pa asilikali mu 1916, chidapulumutsa unyinji wa othyoka fupa la ntchafu, amene kale ambiri a iwo ankafera panjira. Pamenepo padaoneka poyera kuti fupa lokhazikika limataya mwazi wochepa. Chachiwiri, lamba woletsera mwazi adatenga mbiri yoipa, pakuti asilikali ankafika kuchipatala atamangidwa usiku wonse, lambayo atabisika pansi pa bulangete, mwendo utafa kale ndi kununkha, kotero kuti madokotala ena adafika pomuyesa chida cha Woipayo. Mbiri yoipayi idakhala zaka pafupifupi 80, ndipo ndiyo idalowa m'mabuku a chithandizo choyamba amene adaphunzitsidwa m'masukulu a mishoni ndi m'magulu a Red Cross kuno kwathu.

Za nthawi ya Apwitikizi sitichulutsa mawu: machila adanyamula mzungu wa boma ndi kapitawo wa m'minda ya tiyi kawirikawiri kuposa mmene adanyamulira mlimi wovulala. Pamene dziko lidalandira ufulu mu 1975, madokotala ambiri adanyamuka ndi Apwitikizi anzawo, ndipo adatsala ngati 80 okha m'dziko lonse la Mozambique. Pa usiwa umenewu padabadwa nzeru imene maiko ena adadzabwera kudzaiphunzira. Mu 1984 boma lidayamba kuphunzitsa anthu amene sadali madokotala, koma adali atagwira kale ntchito ya chipatala, kuti azichita opaleshoni. Awa ndiwo amatchedwa técnicos de cirurgia, ndipo kafukufuku wa m'zaka zoyamba za m'ma 2000 adapeza kuti m'zipatala za m'maboma iwowa ndiwo ankachita maopaleshoni akuluakulu a amayi apakati 9 mwa 10 alionse, ndiponso kuti ankakhalitsa kumidzi pamene madokotala ankathawira m'mizinda. Kutsidya kwa malire, ku Malawi, mu 1985, dokotala wa ku Canada dzina lake Ed Blair adayambitsa maphunziro a miyezi 18 a akatswiri a mafupa otchedwa orthopaedic clinical officers, ndipo kufikira lero fupa lothyoka m'maboma a Malawi limagwiridwa kwambiri ndi manja awo. Wovulala wa ku Milange, aoloke malire kapena asaoloke, amayamba kugwa m'manja mwa anthu a mtundu umenewu.

Anthu amenewa sadachedwe kuyesedwa, pakuti nkhondo yapachiweniweni idakula ngati moto wolusa m'Zambezia. Mu 1986 tauni ya Milange idagwa m'manja mwa gulu loukira boma la Renamo, ndipo idakhala choncho mpaka asilikali a boma adailandanso mu 1988. Anthu adakhamukira ku Muloza ndi m'midzi ya m'Mulanje, ndipo pofika 1992, chaka chimene pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala, othawa nkhondo okhala m'Malawi adali opitirira 1 miliyoni. Zipatala zing'onozing'ono za kumidzi zidatenthedwa kapena kusiyidwa mabwinja. Koma choipa choposa chidatsalira m'nthaka, pakuti magulu onse awiri adakwirira mabomba m'tinjira ta kumadzi, m'mphepete mwa milatho ndi mozungulira midzi, ndipo bomba silidziwa kuti mtendere wasainidwa. Tsoka silinunkha: mayi wobwera kuchokera kothawa, wofuna kungoona ngati mango a pabwinja pake akadali moyo, ndiye adaliponda. Kafukufuku wofalitsidwa mu 1995, wochitika m'madera a Manica ndi Sofala, adapeza kuti pafupifupi theka la anthu ophulikiridwa ndi mabomba otere adamwalira, ndipo ochuluka a iwo sadaone n'khomo la chipatala lomwe. A HALO Trust adagwira ntchito yofukula mabomba m'Zambezia kuyambira m'zaka zoyamba za mtendere, natsiriza zigawo zinayi za kumpoto mu 2007, ndipo dziko lonse lidalengezedwa kuti layera pa 17 Sepitembala 2015.

Wophulikiridwa ndi bomba ankamangidwa ndi chimene chidali pafupi: waya, chingwe cha mlaza, kapena mphira wa chubu cha njinga, ndipo pochita mantha achibale ankamanga kumtunda kwenikweni, pantchafu, ngakhale bala lidali kuphazi. Akamunyamula tsiku lathunthu pamachila a mitengo iwiri ndi bulangete, wopanga opaleshoni ankapeza kuti mnofu wonse wa kumunsi kwa chingwe wafa, ndipo munthu amene akadataya phazi lokha ankataya mwendo pamwamba pa bondo. Madokotala a Red Cross adadandaula za ichi m'maiko ambiri a mabomba. Dokotala wina wa ku Norway, Hans Husum, pamodzi ndi anzake, adayesa njira ina ku Cambodia ndi kumpoto kwa Iraq kuyambira 1997: adaphunzitsa alimi ndi achipatala a kumidzi kuti asiye zingwe, alonge nsalu m'kati mwa bala mpaka lidzaze, amange bandeji yopanikiza, akweze mwendo ndi kufunditsa wovulala kuti asazizidwe; ndipo pofika 2001 imfa pakati pa ovulala amenewa zidatsika kuchoka pa 40 kufika pa 15 mwa 100 alionse, popanda ambulansi yatsopano kapena chipatala chatsopano.

Pamene anthu a kumidzi ankaphunzitsidwa kusiya lamba, asilikali a maiko olemera ankamubwerera. Nkhondo ya m'misewu ya Mogadishu mu Okutobala 1993, m'mene asilikali a ku America adataya anzawo ndi mwazi umene ukadatha kuletsedwa, idachititsa kuti dokotala Frank Butler ndi anzake alembe malangizo atsopano mu 1996; pofika 2005 msilikali aliyense adayamba kupatsidwa lamba wa nsalu yolimba wokhala ndi kandodo kopotera, woti munthu atha kudzimanga yekha ndi dzanja limodzi; ndipo dokotala John Kragh, atawerenga ovulala ofika pa chipatala cha asilikali ku Baghdad, adapeza kuti mwa omangidwa thupi lisanafooke ndi kutha kwa mwazi adapulumuka 9 mwa 10, pamene mwa omangidwa mochedwa adapulumuka 1 mwa 10. Kuyambira 2015 nzeru yomweyi idatulutsidwa m'misasa ya asilikali n'kuphunzitsidwa kwa anthu wamba ku America.

Nanga wolondola ndani, wa ku Baghdad kapena wa ku Cambodia? Ine ndiona kuti onse awiri adanena zoona, ndipo chowasiyanitsa ndi kutalika kwa njira. Mwendo womangidwa umapirira bwino kwa maola ngati 2. Akapitirira maola 6, kawirikawiri suchiranso. Msilikali wovulala ku Iraq kawirikawiri ankatengedwa ndi helikopita ola lisanathe, pamene mlimi wa kuseri kwa Tumbine, nyengo ya dzinja, atha kutha maola 6 asanaone n'phula lomwe. Choncho wotengera malangizo a asilikali osafunsa za msewu wakwawo adzafanana ndi safunsa uja adadya phula. Dzanja ndilo liyambe, kupanikiza pabala penipeni ndi mphamvu yonse kwa mphindi 10 osasuzumira; bala likakhala lakuya, nsalu yoyera ilongedwe m'kati ndi chala mpaka pansi, dzanja libwererenso pamwamba; ndipo pokhapokha mwazi ukamathovoka pamkono kapena pamwendo osamvera zonsezi, kapena chiwalo chitadukiratu, m'pamene lamba alowepo. Akhale wotambalala ngati zala zitatu kapena zinayi, wa nsalu yopinda, osati waya kapena mphira wowonda umene umacheka mnofu. Aikidwe zala zinayi kumtunda kwa bala, osati pabondo kapena pachigongono. Apotedwe mpaka mwazi ulekeretu, ngakhale wovulala alire motani, pakuti lamba womangidwa bwino amapweteka ndithu. Kamtengoko kamangiriridwe kuti kasabwerere, nthawi ilembedwe poonekera, ndipo asamasulidwe panjira ndi munthu wachifundo wofuna kuti mwendo upumeko, popeza chifundo chotere chapha ambiri. Womasula ndi wachipatala, amene ali ndi china choikapo m'malo mwake.

Koma pali mwazi wina umene sutuluka kunja, ndipo uwu ndiwo wonyenga koposa. Mafupa a m'chiuno adalumikizana mozungulira ngati mkombero wa dengu. Mkombero ukathyoka dengu limayasama, ndipo malo a m'kati amakula. Kuseri kwa mafupa amenewa kwayala mitsempha yambirimbiri yopyapyala, imene imang'ambika fupa likatseguka, ndipo fupa lenilenilo limakha mwazi pothyokapo. Tsono munthu atha kutaya malita 3 kapena kuposerapo m'kati mwa thupi lake lomwe, malaya ake ali ouma, akulankhula ndi kupempha madzi, anthu omuzinga n'kumati mwayi wake ngwaukulu, sadachekeke paliponse. Joseph-François Malgaigne wa ku Paris adafotokoza za kuthyoka kotere mu 1847, koma padapita zaka zoposa 100 anthu asanapeze chochita nako panjira. Pa nkhondo ya ku Vietnam adayesa buluku lopopa mpweya lofinya miyendo ndi mimba, koma pambuyo pake lidasiyidwa, litaoneka kuti silipulumutsa monga ankayembekezera ndiponso limabisa mabala. Chodabwitsa n'chakuti chimene chidapambana buluku la mtengo wapatali chidali nsalu ya pabedi: mu 2002 dokotala Chip Routt ndi anzake a ku Seattle adalemba za kuzinga chiuno ndi nsalu yopinda ndi kuikoka zolimba, kuti mafupa abwerere pamodzi, aleke kugwedezeka, ndipo mwazi upeze mpata woundana. M'zaka zomwezo akatswiri a ku Portland adapanga lamba wa m'chiuno wokhala ndi chomangira chimene chimadzitseka chokha mphamvu yokoka ikafika pa kulemera kwa makilogalamu ngati 15, kuti womanga asaperewere ndiponso asapyole muyeso. Lamba ameneyu ndi anzake ofanana naye ali tsopano m'maambulansi a maiko ambiri.

Anthu a ku Milange akudziwa bwino chimene chimathyola chiuno. Mu Januwale 1998, mvula itagwa kosalekeza, phiri la Tumbine lidagumuka, Napolo nadutsa ndi miyala ndi mitengo pakati pa nyumba za anthu, monga adachitira ku Phalombe mu 1991, ndipo ochuluka adafa. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy, atalowera kufupi ndi Quelimane, adagwetsa mapiri ndi makoma m'Mulanje, m'Phalombe ndi m'Blantyre, nadula misewu ndi milatho, ndipo akufa ndi osowa m'Malawi mokha adapitirira 1,000. Wopsinjidwa ndi khoma, wokokoloka pakati pa miyala, wopondedwa ndi tayala la lole, wogwa mumtengo wautali: aliyense wa awa akamadandaula m'chiuno, m'chinena kapena kumunsi kwa msana, akalephera kuimirira, ndipo makamaka akayamba kutuwa ndi kuzizira popanda bala looneka, ayesedwe wothyoka chiuno, ndipo pasapezeke womugwedeza mafupawo kuti atsimikize.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lamba wa ku Portland sapezeka pamsika wa Milange, koma palibe ngozi imene imachitika m'dziko lino popanda mayi wovala chitenje, kapena kapulana monga anena akuno, kufikapo. Achipinde m'litali mpaka chitambalale ngati chikhatho chimodzi ndi theka. Anthu awiri achilowetse pansi pa mawondo a wovulala ali chigonere chagada, achikwezere pang'onopang'ono kumtunda mosamutukula. Atulutse foni, makiyi ndi ndalama za m'matumba mwake, kuti zisamuboole khungu. Kenaka wina agwade uku wina uko, apingasitse nsonga ziwirizo kutsogolo, akoke mofanana ndi mosadzidzimutsa, namange mfundo kapena kupotera ndi kamtengo. Pamene anthu ambiri amalakwa ndi pa malo. Nsaluyo siyenera kukhala pamene pamakhala lamba wa buluku, koma kumunsi, pa mfundo ziwiri za mafupa zimene munthu amazimva akapapasa m'mbali mwa ntchafu zake kumtunda, pa nyung'unyu, pafupi ndi paja Yakobo adakhudzidwa usiku wa kulimbana kwake natsimphina. Cholakwa chimenechi si cha anthu a kumudzi okha: kafukufuku wa 2011 pakati pa asilikali a ku Britain adapeza kuti malamba pafupifupi 4 mwa 10 adamangidwa kumtunda kopitirira, kumene sagwira ntchito yake bwino. Pomaliza mawondo ndi akakolo amangidwe pamodzi ndi nsalu ina, zala za kuphazi zitayang'ana kumwamba, ndipo wovulalayo anyamulidwe pachitseko kapena pathabwa, atafunditsidwa. Chimene timachiona kawirikawiri m'misewu yathu, chomukhazika wovulala panjinga yamoto pakati pa woyendetsa ndi mbale wake, miyendo ili tang'a, ndicho chimatsegula chiuno chothyoka pa bampu iliyonse.

Zida zina zidabwera pambuyo, ndipo tingozitchula mwachidule. Popeza lamba sangamangike m'mphechepeche kapena m'khwapa, cha m'ma 2013 kudatuluka malamba a m'chiuno okhala ndi kachipangizo kopopa kamene kamapanikiza mtsempha wa pamenepo, kotero kuti chida chimodzi chigwire fupa ndi kuletsa mwazi nthawi imodzi. Kumene kulibe, chibakera kapena bondo la munthu wamphamvu limagwira ntchitoyo, malinga asatope. Kuyambira 2008 asilikali amanyamula bandeji yopakidwa dothi loyera loyengedwa la kaolin, lofulumizitsa kuundana kwa mwazi, ndipo wina asamve molakwa n'kukatapa dothi la kudambo. Choposa zonsezi pa kutsika mtengo ndi mankhwala a tranexamic acid, amene adapezedwa ndi Utako Okamoto ndi mwamuna wake Shosuke ku Japan mu 1962, ndipo kafukufuku wa CRASH-2 wa mu 2010, wa ovulala opitirira 20,000 m'maiko 40, adaonetsa kuti amachepetsa imfa akabayidwa maola 3 asanathe. Akachedwa, phindu lake limatha. Amayi otaya mwazi pobereka nawonso ali ndi chovala chawo chofinya miyendo, chiuno ndi mimba, chimene chidayesedwa ku Zambia ndi ku Zimbabwe ndipo bungwe la WHO lidachivomereza mu 2012 kuti chizisunga mayi panjira yopita kuchipatala chachikulu.

Msewu wa makilomita pafupifupi 200 wochokera ku Milange kupita ku Mocuba, umene kale unkameza magalimoto m'matope, udathiridwa phula m'zaka za m'ma 2010 ndi thandizo la European Union, ndipo ulendo wa ambulansi udafupika ndithu. Koma walira mvula walira matope: phula lomwelo lidaonjeza liwiro la malole a chimanga ndi nandolo, ndipo njinga zamoto za kabaza, zonyamula anthu atatu ndi thumba pamwamba, zidachuluka pakati pa njinga zakapalasa zimene zakhala zikuolotsa matumba pa Muloza kwa zaka zambiri. Mabala amene kale ankabwera ndi bomba tsopano amabwera ndi msewu, ndipo woyamba kufika pangozi si namwino, koma wakabaza mnzake, wogulitsa nthochi, kapena wapolisi wa pachipata. Maiko ena adaona ichi msanga. Ku Ghana, cha m'ma 2000, adaphunzitsa madalaivala a magalimoto a hayala opitirira 300 kuletsa mwazi ndi kumanga mafupa ndi zinthu zopezeka pamsewu; ku Kampala mu 2008 apolisi, oyendetsa matakisi ndi atsogoleri a m'madera adaphunzira zomwezo m'tsiku limodzi lokha, ndipo atafunsidwa patapita miyezi, ambiri adali atazigwiritsa kale ntchito. Akabaza a ku Milange ndi a pa Muloza ali kale ndi masiteji awo ndi atcheyamani awo, kotero kuti wofuna kuwaphunzitsa sangavutike kuwasonkhanitsa.

Zowaletsa kugwira wovulala ndi ziwiri, ndipo zonse ndi zomveka. China ndi mantha a matenda oyenda m'magazi, amene jumbo ya pulasitiki yovala kumanja imawachepetsa pamene magolovesi palibe. China ndi mantha akuti wothandiza adzasanduka mboni, kapena woganiziridwa kumene, n'kumaitanidwa kupolisi masiku ambiri ntchito yake itaima, ndipo ichi sichingathe ndi maphunziro, koma ndi mawu omveka ochokera kwa akuluakulu a polisi a mbali zonse ziwiri. Ndipo popeza nsalu ndi kamtengo zimangosunga mwazi umene watsala, osabweza umene watayika, achibale operekeza wovulala apite ali angapo ndiponso okonzeka kutambasula mkono, pakuti m'zipatala za m'maboma magazi osungidwa amakhala ochepa, ndipo wothyoka chiuno mmodzi atha kufuna mabotolo anayi kapena kuposerapo asanayambe n'ulendo womwe wa ku Quelimane.